Mthuthuthu wa Che Ibrahimu

Gaspar anafika ku Mangochi m'chaka chija anthu a ku Mozambiki ankawoloka malire pa Chiponde usana ndi usiku, ena atasenza mitolo, ena atangobereka ana. Iye analibe chosenza kupatula masipanala omwe anali m'thumba la ovolosi pamene mfuti zinayamba kulira m'mudzi mwawo, kufupi ndi Mandimba. Ku msasa wa othawa nkhondo sanakhalitseko. Munthu wozolowera zitsulo ukamuuza kuti akhale pansi azidikira tsiku la ufa ndi nyemba, manja amamuyabwa. Anatsetsereka mapiri a Namwera wapansi, nawoloka mlatho wa Shire, ndipo Simioni, yemwe ankakonza njinga zakapalasa pafupi ndi msika, anamupatsa pogona kuseri kwa nyumba yake ndi malo ogwirira ntchito pambali pake.

Kwawo Gaspar anali makaniko wa magalimoto ndi zigayo, koma kuno ankamata machubu, kuwongola masipoko ndi kutsuka mapulayimasi ophikira. Zimenezo sankadandaula nazo. Chomwe chinkamudya mumtima chinali mkazi wake, Rosalina. Nkhondo isanawapeze, Rosalina anatupa m'mimba, ndipo Nelson, mkulu wake wa Gaspar, yemwe anali nesi pa kachipatala ka kumudzi, anati matendawo ngofunika mpeni wa dokotala ku Lichinga. Mabasi anali atasiya kuyenda, choncho Nelson anamukweza mlamu wakeyo pa njinga yake yamoto m'mamawa wina, nanyamuka. Sabata isanathe mudzi unapsa, aliyense nathawira kwake.

Gaspar ankakhulupirira kuti awiriwo ali ku Lichinga, komwe kunali asilikali ambiri ndipo nkhondo sinalowe m'tauni. Aliyense wochokera mbali imeneyo ankamufunsa, ndipo aliyense ankapukusa mutu. Iye kusamva kanthuko ankakutenga ngati uthenga wabwino. Ankamuuza Simioni kuti maliro sabisika, akanakhala kuti kunachitika choipa bwenzi atamva.

Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti, mphepo ya mwera ikuulutsa fumbi pamsika, kunafika bambo wachikulire akukankha njinga yamoto. Anali Che Ibrahimu, ogulitsa nsomba zouma, munthu wodziwika kuyambira ku Mpondasi mpaka ku Malindi. Mkanjo wawo woyera unali ndi madontho akuda kuyambira m'mawondo kutsika. Anapereka moni, napuma kaye, kenaka anafotokoza kuti njingayo ikuwachititsa manyazi. Oyilo ankatuluka pamwamba pa injini n'kumawathira m'miyendo, moti Lachisanu lapitalo analowa mumzikiti ndi zovala zobwereka. Amakaniko a m'tauni anali atasintha gasiketi yotseka mpata pakati pa zitsulo, ena anamatapo guluu, koma kudontha sikunaleke. Ndipo injini ikatentha, mkati munkalira kanthu ngati mbewa yogwidwa pa msampha. Simioni ndiye anawauza za mlendo wake.

Inali njinga yakale yachingelezi, ya silinda imodzi, zija zimalira chimodzichimodzi ngati mtondo. Gaspar ataiona anaiyang'anitsitsa, chifukwa ya Nelson inali ya mtundu womwewo. Koma ya Nelson inali yakuda, pomwe iyi inali yobiriwira, chishalo chake chokutidwa ndi chikopa cha mbuzi, nambala yake ya ku Malawi. Njinga zotere zinabwera zambiri ndi anthu ochokera ku Halale ndi ku Joni. Komanso Gaspar anali ataphunzira kusakhulupirira maso ake. Kangapo konse anatsatirapo amayi achilendo mumsika poganiza kuti ndi Rosalina.

Sanayambe ndi sipanala. Anatsuka mutu wonse wa injini ndi palafini, naupukuta, nausiya padzuwa mpaka unauma gwa. Kenaka anapempha phulusa kwa mayi wina wokazinga chinangwa, nalisefa ndi kansalu, naliwaza pa injini yonse mpaka inayera mbuu. Che Ibrahimu anafunsa ngati umenewo ndi mankhwala a kwawo. Gaspar anamwetulira pang'ono, nati oyilo ndi wabodza, pomwe amaonekera si pomwe amatulukira. Mphepo imamukankha, kutentha kumamuyendetsa, ndiye munthu umalimbana ndi gasiketi yosalakwa. Paphulusa ndi pomwe amasiya mapazi.

Anaponda kiki, injini inadzuka. Onse awiri ananjuta n'kumayang'ana. Kwa kanthawi phulusa linali loyera. Kenaka panaoneka kadontho kakuda, osati pa gasiketi, koma pamwamba pake, pomwe kapaipi kakang'ono kamalowera m'mutu wa injini. Kadonthoko kanakula, kanatsika ngati ulusi, n'kuyamba kuzungulira m'mphepete mwa chivundikiro.

Gaspar anawafotokozera kuti pansi pa chivundikirocho pali timikono tiwiri, timene amakaniko amati maroka, tomwe timakankha mavalavu kuti azitseguka ndi kutseka. Timikonoto timamwa oyilo kuchokera mu kapaipi kameneka, komwe kamagawika pawiri ngati mphanda. Anatsegula thanki ya oyilo n'kusuzumira. Oyilo wobwerera kuchokera mu injini ankalavuka bwinobwino, kusonyeza kuti pampu ilibe mlandu. Anamasula pang'ono nati ya mbali yachiwiri, ya valavu yotulutsa utsi, pomwe pankayenera kutuluka oyilo. Panali pouma. Anatseka ndi chala kabowo ka m'thanki kuti oyilo yense akwere kumutu. Mbali yodontha ija inachita kutumphuka, koma mbali youma inangonyowa pang'ono ngati thukuta.

Anazimitsa injini. Anawauza Che Ibrahimu kuti matenda alipo awiri koma gwero lake ndi limodzi. Njingayi inagwapo kwambiri chakumanja. Pogwapo, kamphete ka kumapeto kwa paipi kanang'aluka, ndiko kudonthako, ndipo nthambi inayo inaphwanyika n'kutsekeka, moti kamkono kenako kakhala kakuyenda kouma. Mbewa yomwe ankaimva inali chitsulo chikudya chinzake. Che Ibrahimu anati iwo sanagwe nayopo, mwina mwini wake woyamba.

Gaspar anamasula kapaipiko. Kanali kopakidwa penti yakuda. Pofuna kuona pomwe mng'alu ukuthera, anapala pentiyo ndi mpeni, ndipo pansi pake panatuluka mkuwa wofiira. Pamphanda paja panali pomata ndi mtovu, mamatidwe a pamanja, okhuthala mbali imodzi. Anakatembenuza kangapo. Anakumbukira firiji ya palafini yomwe inafa ku kachipatala ka Nelson, momwe anadulamo paipi ngati yomweyi pokonza njinga ya mkulu wakeyo. Komabe anadziuza kuti amisiri osauka ndi ambiri, ndipo onse amaganiza mofanana.

Anachotsa chivundikiro. Mbali imodzi inali yonyowa bwino, inayo inali ndi fumbi lofiira la dzimbiri. Anasolola kashafuti komwe kamkono kouma kaja kamazungulirapo, ndipo kumapeto kwake kunagwa kachitsulo kozungulira, n'kugubuduka mpaka pa phazi la Che Ibrahimu. Iwo anakatola, nakapukuta ndi chala, n'kuseka. Anati taonani, njinga yanga imasunga ndalama. Kanali kakobidi ka nthawi ya Apwitikizi, kobooledwa pakati, mbali imodzi kopalidwa ndi fayilo.

Gaspar anakalandira m'manja. Anakaboola yekha kakobidi kameneko, madzulo a tsiku loti m'mawa mwake Nelson ndi Rosalina anyamuke, atapeza kuti kamkonoko kakugwedera ndipo washala woyenera palibe. Rosalina ndiye anakatulutsa m'kachitini momwe ankasungira mabatani.

Gaspar anakhala pansi pafumbi pomwepo. Simioni anasiya gudumu lomwe ankakonza, nabwera. Che Ibrahimu anafunsa ngati wadzicheka.

"Bambo, njingayi munaigula kwa ndani?"

Iwo anayankha kuti anaigula ku Makanjira, kwa Che Dinala, wamalonda mnzawo, chaka chathachi. Kenaka anamufunsa chifukwa chomwe wafunsira. Gaspar anawauza zonse, mawu ake ali pansipansi, maso ali pa kakobidi. Atamaliza, Che Ibrahimu anavula kofiya, naiyang'ana mkati, naivalanso. Aliyense m'boma la Mangochi ankadziwa za katundu yemwe ankatsika m'mapiri a kumalire masiku amenewo, malata okhala ndi mabowo a misomali, makina osokera, mawilo a ngolo, zonse zotchipa. Ogula sankafunsa. Che Ibrahimu sanadziikire kumbuyo. Anangoti, "Ndinaona kutchipa, mwananga. Imalizeni, mawa tipite kwa Che Dinala."

Simioni anamuuza kuti apume kaye, koma Gaspar anakana. Anawotcha kapaipi kaja pamakala mpaka kanafewa, nawongola pophwanyika paja polowetsa waya wa sipoko pang'onopang'ono. Anamata mng'alu ndi mtovu. Timabowo ta mu kashafuti tinali titatsekeka ndi zinyenyeswa za chitsulo ndi guluu uja anamata amakaniko anzake, ndipo anatitokosa timodzitimodzi n'kupemerera ndi pakamwa mpaka mpweya unadutsa. Anasalaza podyeka, nabwezera zonse, ndi kakobidi komwe, popeza panalibe china cholowa m'malo mwake. Analiza injini chivundikiro chili chotsegula. Anadikira. Oyilo anayamba kutuluka pa kamkono koyamba, kenaka pa kachiwiri, natsetsereka mpaka pamutu pa valavu. Kulira kuja kunaleka. Masiku ena ntchito yotere ikanamusangalatsa.

Ananyamuka kutangocha. Msewu wa ku Makanjira unali mchenga ndi miyala, ndipo m'mitsinje ina munalibe milatho, moti ankatsika n'kumakankha. Atadutsa Lungwena, Gaspar anapempha kuti aime. Anagwira mutu wa injini ndi kansanza, ndipo kanatuluka kouma. Gaspar anakhala kumbuyo, pa keriyala pomwe anamangirirapo pilo tsiku lija kuti mkazi wake asamve mabampu, ndipo ankaganiza njira zonse zomwe njinga ingasiyanirane ndi mwini wake munthu osafa. Mwina Nelson anaigulitsa ku Lichinga kuti agule chakudya. Mwina inabedwa pakhomo pa chipatala. Mwina anawalanda n'kuwasiya apite wapansi.

Che Dinala anawalandira pakhonde pa sitolo yawo. Atamva nkhaniyo anayamba kuzungulira, kuti iwo amagula kwa anthu ambiri, sangakumbukire aliyense. Che Ibrahimu anawayankhula m'Chiyao, mofatsa, kuwakumbutsa kuti onse awiri ndevu zayera ndipo kotsala n'kufupi. Pamapeto pake Che Dinala anavomera kuti njingayo inabwera ndi anthu amfuti, yokankhidwa, thanki itabooka, ndipo iwo ndiwo anaimata n'kuipaka penti. Za eni ake sankadziwa. Koma anati pagulu la anthu ogwidwa omwe anasenza katundu ulendo umenewo panali mayi wina, Ajira, yemwe anazemba pobwerera, ndipo tsopano amakhala kumunsi kwa mudzi.

Anamupeza akuyanika usipa pa thandala. Anali mayi wowonda, wa msinkhu wa Rosalina, ndipo ataona amuna achilendo anaponya maso kutchire ngati woyeza mtunda. Che Ibrahimu anakhala patali. Gaspar ananjuta, nanena dzina lake ndi la mudzi wake, nafunsa za njinga yakuda yomwe inakwera anthu awiri pa msewu wa ku Lichinga.

Ajira anatembenuza usipa womwe unali wotembenuza kale. Kenaka anafotokoza osamuyang'ana. Iye anthu amfuti anamugwira kumunda, ndipo m'mawa mwake anawagoneka ogwidwa onse m'udzu pafupi ndi mlatho wina. Anamva njinga ikubwera kuchokera kutali. Mwamuna yemwe ankayendetsa anamuwombera ali pachishalo, ndipo sanadzukenso. Mkaziyo anagwera m'ngalande, chipolopolo sichinamukhudze, anangosupuka mkono. Anamudzutsa n'kumusenzetsa chikwama cha mankhwala chomwe chinali panjingapo.

Anayenda limodzi masiku angapo m'tchire. Mkaziyo ankayenda atagwira pamimba, ndipo usiku ankagona moyandikana ndi Ajira chifukwa cha kuzizira. Anamuuza kuti dzina lake ndi Rosalina, kuti alibe mwana, kuti mwamuna wake ndi makaniko. Tsiku lina pokwera phiri anakhala pansi pa mtengo wa msuku, ndipo ngakhale anamumenya sanathe kuimirira. Anamulanda chikwama chija n'kupatsa wina. Ajira anamusiyira chigubu chake cha madzi, gulu n'kupitirira.

Gaspar anafunsa ngati wina anatsalira m'mbuyo ndi mfuti.

"Ayi, achimwene. Ndinatchera khutu mpaka tinafika pamwamba. Sindinamve kanthu. Anangomusiya."

Anafunsanso ngati panali mudzi pafupi. Ajira anati midzi yonse ya kumeneko inali mabwinja, ndipo madzi anali kutali. Anafunsa ngati Rosalina ananenapo mawu oti amuuze. Ajira anaganiza, ndipo zinkaoneka kuti akufuna kupeza choti amupatse, koma sanafune kunama. Anati sananene za uthenga, chifukwa sankadziwa kuti Ajira adzapulumuka. Chomwe ankadandaula nacho chinali nkhuku zake, kuti mwamuna wake amaiwala kutseka khola.

Gaspar anathokoza. Anaimirira, nayenda pang'ono, n'kukagwira mtengo wa thandala ndi manja onse awiri. Che Ibrahimu anamusiya kaye, kenaka anabwera n'kuima pambali pake.

Anagona ku Makanjira konko, kwa achibale a Che Ibrahimu. M'mawa Gaspar anati sabwerera ku Mangochi, chifukwa panali munthu wina woti amve. Nelson anasiya mkazi, Esime, ndi ana atatu, ndipo anayiwo anali ku msasa wa ku Chiponde. Gaspar ankawayendera mwezi ndi mwezi atanyamula sopo ndi kanyenya wouma, ndipo iye yemweyo ndiye ankawalimbitsa mtima kuti bambo awo ali ku Lichinga, akugwira ntchito m'chipatala chachikulu, msewu ukadzatseguka adzabwera. Che Ibrahimu anati amuperekeza. Anatinso njingayo si yawo, ndi ya ana amasiyewo, ndipo akaisiya m'manja mwa mayi awo.

Anabwerera ndi msewu womwe uja, nakhotera kumapiri, nakwera mpaka Namwera dzuwa litapendeka. Gaspar mutu unali pa mawu oti akayambire, moti za kulira kwa injini anazikumbukira mochedwa, madenga a udzu a msasa atayamba kale kuonekera. Anagwira phewa la Che Ibrahimu kuti azimitse. Anatsika n'kuyamba kukankha.

Koma m'mapiri mawu amapita kutali. Esime anali pamjigo pomwe anamva kugunda kuja, komwe anakumva zaka zambiri madzulo aliwonse mwamuna wake akamachokera kuntchito. Anasiya ndowa ikusefukira. Gaspar anamuona akubwera chothamanga pakati pa tinyumba, chitenje atachigwira m'manja, ana ake akumutsatira, wamng'ono akugwa n'kumadzuka. Anthu ena a kumudzi kwawo nawonso anatuluka, ena atayamba kale nthungululu.

Esime anaima patsogolo pawo akupuma mwabefu. Anayang'ana njinga yobiriwirayo, nayang'ana bambo wachilendo wa ndevu zoyera, nayang'ananso kumbuyo kwawo, kumsewu, ngati kuti wina akubwera wapansi. Kenaka anayang'ana Gaspar.

"Alamu, mwini wake ali kuti?"

Gaspar anavula chipewa, nagwada pamsewu pomwepo. Nthungululu zija zinazima imodziimodzi, ndipo amayi awiri anafika msanga n'kumugwira Esime m'khwapa asanagwe.

Maliro anawalira masiku atatu popanda mtembo, a anthu awiri pamodzi. Akatekisiti a pamsasapo anatsogolera mapemphero pansi pa chisakasa. Che Ibrahimu sanachoke. Anakagula mpunga ndi mbuzi ku Namwera, ndipo nthawi ya mapemphero ankakhala pa mwala kunja kwa chisakasacho, manja ali pamawondo. Anthu ena ankawayang'ana ndi diso loipa atamva momwe njinga inafikira m'manja mwawo, ndipo iwo ankaona, koma sanasunthe.

Tsiku lobalalika Che Ibrahimu anapita kwa Esime kudzera mwa Gaspar, nanena za njinga ija. Esime anayankha kuti sakufuna kuiona, ngakhale kuimva. Anati aitenge, apite nayo komwe ana ake sadzaimvanso. Gaspar anayesa kumuuza kuti ingadzathandize anawo m'tsogolo, koma iye anatembenukira kukhoma.

Che Ibrahimu anaikankha kuchoka pamsasapo, Gaspar akuwathandiza, mpaka anadutsa msika wa Chiponde ndi minda ya fodya. Pomwe msewu umayamba kutsetsereka anatsanzikana. Iwo anakwera, nasiya njingayo kuti izitsika yokha injini ili chizimire, ndipo Gaspar anaima mpaka anakhota.

Ku Mangochi sanabwererenso. Anatumiza mawu kwa Simioni kuti masipanala aja asunge, ndi ake. Anamanga kanyumba pafupi ndi ka mlamu wake, n'kumalima maganyu m'minda ya eni dziko kuti ana a mkulu wake apeze ndiwo. Nkhondo itatha, malole atabwera kudzatenga anthu, anakwera nawo onse. Chaka chotsatira anapita yekha kukafuna mlatho uja, ndipo anaupeza, koma anthu a kumeneko anamuletsa kupatuka pamsewu chifukwa m'tchire monse munali mabomba okwirira. Phiri lomwe Ajira ananena linkaoneka chapatali, misuku ili thoo mbali yonse. Anakhala pamlathopo mpaka lole yobwerera ku Mandimba inafika.